Misoti Khumi ndi Satifiketi ya a Kapitawo

"Tachokani pakhomo pa kholapo, mayi. Amene wapita ku maphunziro ndi ine."

"Amene anaitanidwa ndi ine," anayankha Amake Mapasa, osasuntha ngakhale phazi.

A Kapitawo anali ataima pakati pa bwalo, katoni ya misoti khumi ili pamapazi, satifiketi ili m'khwapa. Anali atangofika kuchokera ku maphunziro a masiku atatu a ulimi wa nkhuku, amene bungwe lina linakonzera gulu la amayi a m'deralo. Kalata yoitana inalembedwa kwa Amake Mapasa, koma inafikira m'manja mwa amuna awo, ndipo munthu amene anayang'anira okumba misewu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu sangaone kalata ya chidindo n'kuisiyira mkazi. Anavala jekete, n'kunena kuti za m'kalasi zimafuna mutu wozolowera mapepala, n'kunyamuka.

"Kalata ija inabwera pakhomo pano, ndipo khomo lino lili ndi mwini wake," anatero a Kapitawo. "Komanso zimene ndaphunzira ine mwaphunzira ndinu. Si paja ndife thupi limodzi?"

"Thupi limodzi inde, koma dzanja limene limasesa zitosi ndi ili lokha."

"Mwayambatu."

"Sindinayambe, bambo, ndikungokuuzani. Misoti iyi ndi ana, miyezi iwiri yokha. Mukaiponya pakati pa mathadzi anga asanu ndi awiri aja, pofika madzulo ikhala ilibe nthenga. Nkhuku zachilendo timayamba taziika pambali, kuseri kwa waya, kuti zizionana ndi zinzake koma osakhudzana. Masabata awiri. Chakudya pawiri, madzi pawiri. Kumaphunziroko sananene zimenezi?"

A Kapitawo anatulutsa kope m'thumba la jekete n'kuyamba kuvundukula masamba mwaulemu. Amake Mapasa anasuzumira. Tsamba loyamba linali ndi nthawi ya tiyi wam'mawa ndi nthawi ya tiyi wamasana. Lachiwiri linali ndi chithunzi cha nkhuku imene inkaoneka ngati ketulo. Pa tsamba lachitatu panali mutu wolembedwa bwino ndi kudulidwa mzere kunsi, wakuti "Kuphatikiza nkhuku zatsopano ndi zakale," koma pansi pake panali poyera mpaka kumapeto, kupatula kamzere kamodzi kotsetsereka, ka cholembera chimene mwini wake wagonja.

"Phunziro ili linali pambuyo pa chakudya chamasana?" anafunsa Amake Mapasa.

"Apa tinangokambirana, panalibe cholemba," anatero a Kapitawo akutseka kopelo. "Ndipo nkhani iyi sifuna kope. Ine ndalandirapo anthu atsopano pa ntchito oposa mazana atatu. Sindinaikepo munthu kuseri kwa waya kuti azionerera anzake akukumba. Umam'patsa fosholo tsiku lomwelo. Wina akayambitsa chisokonezo, umamuimitsa ntchito, ena onse amatengerapo phunziro."

"Nkhuku si anthu okumba msewu."

"Chilichonse chimene chili ndi mutu chimamva mwambo."

Amake Mapasa anawakumbutsa za lamulo la bungwe lija, limene amayi onse a m'gulu ankalidziwa. Pakatha masabata anayi mlangizi adzabwera kudzawerenga. Akadzapeza misoti yamoyo yosakwana isanu ndi itatu, adzanyamula yotsalayo n'kukapatsa khomo lina, ndipo dzina lawo lidzafufutidwa m'gulu. Iwo anadikira mtundu umenewu wa nkhuku zaka ziwiri. Komanso m'dera lonselo, munthu nkhuku yake ikagwetsa mapiko ankainyamula kubwera nayo kwa Amake Mapasa. Kulandidwa misoti pamaso pa anthu omwewo kukanakhala manyazi osatsukika.

"Lamulolo ndikulidziwa, analinena tisanapite ku tiyi," anatero a Kapitawo. "Tapatukani."

Amake Mapasa anapukuta manja, n'kupatuka.

"Chabwino. Ine sindinaphunzire."

A Kapitawo anakhuthulira misoti m'khola monga amathirira mchenga mu wilibala. Mathadzi anasiya kupalasa n'kutukula makosi. Kenako thadzi lalikulu lakuda, limene pakhomopo ankalitcha Matroni, linayenda pang'onopang'ono mpaka pa msoti woyamba, n'kuuyang'ana ndi diso limodzi, n'kuujompha pamutu. Anzake anangomva ngati belu. Nthenga zinauluka, beseni la madzi linagubuduzika, misoti inaunjikana pakona ikulira. Tambala, amene ntchito yake pakhomopo inali kulira ndi kudzionetsa basi, anakwera pamtanda n'kumaonerera.

"Wotsogolera chisokonezo ndamuona," anatero a Kapitawo akulemba m'kope.

Matroni anaimitsidwa ntchito tsiku lomwelo. Anamangidwa chingwe kumwendo n'kutsekeredwa m'bafa, moti Amake Mapasa anasamba madzulo amenewo nkhuku ikuwayang'ana. Sanadandaule. Amuna awo atawafunsa ngati njirayi siinali yanzeru, iwo anangoti sanaphunzire.

Vuto n'lakuti pakati pa nkhuku mpando sukhala wopanda munthu. M'mawa mwake thadzi la khosi lopanda nthenga, limene moyo wake wonse linali lofatsa ndi lodyera kumbuyo, linapeza kuti pamwamba pake palibenso wina, ndipo linazunza misoti kuposa Matroni. A Kapitawo analiimitsa ntchito n'kulimangirira m'khitchini. Linalowa m'malo mwake linali lamawangamawanga, ndipo linakathera pansi pa wilibala yovundikira. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi, mathadzi asanu anali m'ndende zosiyanasiyana, limodzi litamangidwa ku mwendo wa tebulo pabalaza, pansi penipeni pa satifiketi imene tsopano inali mu felemu. Nyumba yonse inkanunkha khola. Mazira anasiya, kupatula limodzi limene a Kapitawo analipeza ndi chala chaphazi m'nsapato yawo yakumanzere.

Tambala naye anaitanidwa. A Kapitawo anaima pa waya, manja kumbuyo, n'kumuuza kuti monga wamkulu wa pamalopo walephera udindo, ndipo ili linali chenjezo lomaliza. Tambala anapendeketsa mutu, n'kulira.

Amake Mapasa ankaseka zonsezi chamumtima, ndipo tinene zoona, zinkawakoma. Msoti woyamba utafa, ndi bala pamutu, a Kapitawo anati pa ntchito iliyonse pamachitika ngozi, ndipo Amake Mapasa anangoluma mano n'kunena mawu awo aja. Ankafuna kuti bamboyo afike pamapeto pa nzeru zake, abwere yekha adzapemphe.

Pa tsiku lakhumi anapeza msoti wachiwiri uli gone kuseri kwa chisa choikira mazira. Unalibe bala lililonse. Atautola anamva kupepuka ngati chisa cha mbalame, fupa la pachifuwa lili lakuthwa m'dzanja mwawo. Mathadzi awiri otsala aja ankaulondera pa beseni la chakudya, ndipo unafa ndi njala madeya ali pomwepo. Kuseka konse kunawathera. Anamva chisoni, komanso manyazi, chifukwa anadziwa kuti kamsotiko sikanaphedwe ndi kope la amuna awo lokha. Kanaphedwanso ndi kukhala chete kwawo.

Anakauika patebulo, pafupi ndi kapu ya tiyi ya a Kapitawo.

"Yatsala isanu ndi itatu, bambo."

"Ndiye kuti tikadali m'malamulo."

"Ukafa wina umodzi?"

"Sufa. Awiri otsalawo ndiwaimitsa ntchito lero."

"Muwamangirira kuti? Kuchipinda? Mathadzi anga asiya kuikira, Matroni watupa mwendo ndi chingwe chanu, ine ndikuphika nkhuku ili pamapazi. Mukadzawabweza m'khola onsewa, mukuganiza kuti adzakhala atalapa? Adzayambira pomwe anasiyira."

"Ndiye mukufuna kunena kuti bungwe lonse lija, ndi magalimoto ake, linandipatsa satifiketi molakwitsa?"

"Ndikufuna kunena kuti munatenga mpando wanga n'kukagonapo."

"Sindinagone. Ndinatseka maso kuti ndimvetsetse."

"Bambo, ine zaka makumi atatu ndikuweta nkhuku pakhomo pano. Tsiku limodzi lokha limene anthu anati bwerani mudzakhale pampando, tikuphunzitseni, mwinanso tikumvereni, inu munavala jekete. Mukanadya chakudya chawocho, osagona, n'kundibweretsera mawu, ndikanakukhululukirani. Mwandibweretsera ketulo."

"Ketulo yanji?"

"Ya m'kope mwanu."

A Kapitawo anaimirira, n'kunena kuti sangakambirane ndi munthu wonyoza maphunziro, ndipo anapita kwa wometa tsitsi, kumene madoda a msinkhu wawo ankakhala tsiku lonse ngakhale ambiri a iwo analibe chometa.

Amake Mapasa anatsala ataima pabwalo. Ankadziwa bwino chimene chichitike akakonza zinthu. Misoti ikhala moyo, ndipo ulemu upita pa khoma la pabalaza, mu felemu. Akapanda kukonza, bambo achita manyazi, koma misoti ipita. Zinawapweteka kuti njira zonse ziwiri wotaya anali iwo. Anatukwana pang'ono chapansipansi, n'kukatenga pulayala.

Anamasula waya wakale wa kudimba n'kudula khola pakati, kuchokera pansi mpaka kudenga. Mbali imodzi anaikako misoti, ndi beseni lakelake la chakudya ndi lina la madzi. Anaitsuka mabala ndi madzi amchere, chifukwa nkhuku ikaona magazi pa inzake siisiya. Anaimika nthambi zamasamba pakona kuti wamantha azipeza pobisala. Kenako anayenda nyumba yonse kumasula akaidi. Matroni anatuluka m'bafa akutsimphina, nalowa m'khola, najompha thadzi la khosi lija kamodzi kokha, ndipo aliyense anakumbukira malo ake.

A Kapitawo atabwera anazungulira kholalo kawiri, akugwedeza waya ndi chala.

"Ndimaganiza zomwezi," anatero. "Mwangondifulumirira."

Dzuwa lisanalowe, Amake Mapasa anawamva pa mpanda akufotokozera a Telala, oyandikana nawo nyumba, za njira yamakono ya waya imene anabwera nayo kuchokera ku maphunziro. Iwo anapitiriza kutsuka mbale, ngakhale mbale imodzi inatsukidwa mwamphamvu kuposa zinzake.

Masabata awiri anadutsa. Masiku oyamba mathadzi ankayenda m'mbali mwa waya akuwopseza, kenako anatopa nazo n'kuyamba kudya chakudya chawo moyang'anana ndi alendowo. Nthenga zinamera. Amake Mapasa anaboola kachibowo pansi pa waya, koti msoti n'kudutsa koma thadzi ayi, kuti ana azipita kukacheza kwa akuluakulu, zikavuta azithawira kwawo. Tsiku lililonse ankagogoda beseni ndi supuni asanathire chakudya, moti misoti inkangomva kulira kwa supuni n'kuthamangira kumapazi awo.

Mlangizi anabwera pa njinga yamoto m'mawa wa tsiku lowerenga, mtsikana wamng'ono thupi wovala nsapato zajombo, ndipo amayi khumi a m'gulu anam'tsatira wapansi kudzaonera. A Kapitawo anawalandira atavala jekete, satifiketi ataitulutsa n'kuitsamiritsa pampando pakhonde kuti ipume mpweya.

"Bambo, nkhope yanu ndikuikumbuka," anatero mlangizi. "Si inu munkakhala kumbuyo, pafupi ndi windo?"

"Ndine amene. Kumbuyo n'komwe munthu amaona zonse."

Mlangizi anayang'ana khola ndipo anasangalala. Anayamikira waya, mabeseni awiri ndi nthambi zija. Atafika pa kachibowo anagwada n'kuitana amayi onse kuti adzaone.

"Ichi sitinaphunzitse n'komwe. Munachiganiza bwanji, bambo?"

"Munthu ukakhala ndi maziko a maphunziro, zina zimangobwera zokha," anatero a Kapitawo.

Amayi angapo anayang'ana Amake Mapasa, amene anali ataima kumbuyo, manja atapinda pachifuwa. Onse ankadziwa, koma panalibe woti n'kutsutsa bambo pakhomo pake.

"Ndaona isanu ndi itatu," anatero mlangizi akutulutsa sikelo yaing'ono. "Ndisanasaine, ndigwireni umodzi ndiuyeze."

A Kapitawo anatembenuka kufuna akazi awo, koma Amake Mapasa anali akuyang'ana mitambo. Panalibe kuchitira mwina. Anakwinya manja a jekete n'kulowa m'khola, chitseko n'kuchisiya pululu.

Nkhuku zinawazindikira nthawi yomweyo. Mathadzi asanu amene analawapo chingwe anabalalika akukuwa, misoti inathamangira pa kachibowo yonse nthawi imodzi. A Kapitawo anawerama kuti agwire wotsalira, ndipo Matroni, amene anakhala masiku khumi m'bafa akuganizira za munthu ameneyu, anawadumphira kumsana. Anadzuka mofulumira, mutu n'kugunda mtanda wa tambala, thalauza n'kukodwa pa waya. Atadzikoka, waya wapakati anazuka, iwo n'kukhala pansi m'beseni la madzi. Amayi anagwirana mapewa ndi kuseka.

Amake Mapasa okha sanaseke, chifukwa anaona chimene ena sanachione. Msoti umodzi unali utatuluka pa chitseko chija, n'kudutsa pansi pa mpanda, ndipo unkathamangira kumsewu. Galu wa a Telala, amene ankagona pamthunzi, anali atadzuka kale.

Kuthamangitsa msoti n'kuupereka kwa galu, zimenezo ankazidziwa. Anatola beseni lopanda kanthu ndi supuni pakhonde, n'kugogoda monga mwa masiku onse, akuitana ndi mawu awo aja otsika. Msoti unaima pakati pa msewu. Galu anali atatsala mapazi ochepa. Anagogodanso, ndipo kamsotiko kanatembenuka, n'kudutsanso pansi pa mpanda galu akukawomba mphepo kumchira, n'kudzaima pa mapazi awo. Inzake isanu ndi iwiri inatuluka m'khola n'kudzaunjikana pomwepo, mathadzi n'kutsatira. Amake Mapasa anawerama n'kutola umodzi ndi dzanja limodzi, n'kuupereka kwa mlangizi.

Mlangizi anayeza, nawerenganso, nasaina. Kenako anatembenukira kukhola.

"Bambo, ndimafuna mufotokozere amayiwa mmene munadziwira tsiku lotsekula kachibowo."

A Kapitawo anali akadali m'beseni, nthenga ili pamutu. Anayang'ana amayi khumi aja, n'kuyang'ana nkhuku zonse zitazungulira akazi awo, ndipo anapuma mozama.

"Mayi mlangizi, funsani mayi awo. Ine nkhuku ndimaidziwa ikakhala m'mbale."

Kuseka kutatha, mlangizi anatseka faelo yake. "Tinaitana amayi makumi awiri," anatero. "M'kalasi munalowa abambo khumi ndi atatu. Ndinaganiza zowabweza, koma onse anali a msinkhu wa bambo anga, ndipo ndinachita mantha. Kulakwa kwina n'kwanga. Mayi, tiphunzitseni inuyo."

Amake Mapasa anali asanayankhulepo pamaso pa gulu, ndipo mawu oyamba anatuluka okhwinyata. Anayamba ndi waya, n'kubwera pa mabeseni awiri, ndipo atafika pa madzi amchere mawu anali atawongoka. Sanabise za misoti iwiri imene inafa, ndipo ananena poyera kuti wachiwiriwo unafa iwo akuonerera chifukwa cha mkwiyo.

"Zimene akutanthauza mayiwa ndi zoti," anayamba a Kapitawo, amene anali atatuluka m'khola akudontha.

"Bambo, madzi a nkhuku mwawakhalira aja atha. Ndowa ili kuseri."

A Kapitawo anapita kuseri.

Amayi anafunsa mafunso ambiri, ena akuseka, ena akulongosola za abambo a kwawo ndi makope awo. Koma mtsikana wina, mkazi wa wokonza njinga, amene anakwatiwa chaka chathachi, sanaseke ngakhale kamodzi. Anthu atayamba kumwazikana anayandikira Amake Mapasa n'kuwagwira nsonga ya malaya.

"Amayi," anatero monong'ona, "nanga ikakhala kuti yatsala itatu?"

"Anapita ndani ku maphunziro?"

"Amuna anga," ananong'ona mtsikanayo.

"Mlangizi akubwera liti kwanu?"

"Tikachoka pano."

Amake Mapasa anatembenukira kwa mlangizi, amene anali pafupi moti sakanalephera kumva. Mlangiziyo anagwada pa njinga yake n'kuyamba kufinya tayala lakutsogolo, limene linali lolimba bwinobwino.

"Tayala ili silindifikitsa kutali," anatero osayang'ana munthu. "Makomo otsalawo ndidzawaona mwezi wamawa, ndipo ndidzayamba ndafunsa kuofesi ngati lamulo lathu linaganizirapo za abambo khumi ndi atatu."

Amake Mapasa anakulunga waya amene anatsala, n'kutenga pulayala ndi kathumba ka mchere. Pa geti anakumana ndi amuna awo akubwera ndi ndowa, madzi akutayikira pa nsapato.

"Mukupita kuti alendo asanamwe n'komwe tiyi?"

"Kukaona itatu ija isanakhale iwiri. Mukatha kuthira madzi mumange wayayo, ndipo chitseko mutseke."

"Ndimange bwanji?"

Amake Mapasa anali atafika kale pamsewu, mtsikana uja akuthamanga pang'ono kuti awapeze.